Mtsikana Wina wa ku Situdiyo

Ofesi ya a Taipisiti inali kumapeto kwenikweni kwa khonde la koleji ya aphunzitsi, kuseri kwa laibulale, malo oti munthu sangafikeko mwangozi. Kale chinali chipinda chosungiramo mapu, ndipo mapu ena akale anali adakali opindidwa pakona, akudyedwa ndi njenjete. Munali tebulo, kompyuta, mpando wina wa alendo womwe unkangosenza mafayilo, ndi windo limodzi loyang'anizana ndi thanki ya madzi.

Mayiwa anali atagwira ntchito pakolejipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Masiku oyambirira pakhomo pawo pankakhala mzere, aphunzitsi akupempha kuti awataipire mayeso, wina akunyengerera ndi switi, wina ndi nkhani. Koma aliyense atagula laputopu yake, mzere uja unatha ngati madzi a m'chithaphwi. Panali masiku ena oti mawu onse otuluka pakamwa pawo anali awiri: moni kwa mlonda wa pageti m'mawa, ndi kutsanzika kwa mlonda yemweyo madzulo. Kunyumba ankakhala okha, chipinda ndi balaza kuseri kwa nyumba ya landilodi. Mng'ono wawo anakwatiwa kutali, ndipo ankaimba foni pokhapokha pachibale pakagwa zovuta.

Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi watsopano wa phunziro la chikhalidwe cha anthu, lija ophunzira amangoliti Sosho. Anali mayi wamfupi, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto, ndipo onse ankawatchula kuti a Dokotala ngakhale jakisoni sankamudziwa kubaya. Iwowa anabwera ndi njira yawoyawo. Anati munthu amene adzaphunzitse ana za ntchito, za mabanja ndi za kusintha kwa tauni asayambire m'buku. Ayambe wakhala pansi n'kumvetsera munthu mmodzi akufotokoza moyo wake. Choncho wophunzira aliyense wa chaka chachiwiri anauzidwa kuti apeze munthu wachikulire amene ntchito yake inatha kapena ili kutha, amujambule mawu pafoni, kenako mawuwo alembedwe papepala kuti kalasi yonse iphunzirepo.

Kulembako n'kumene kunawafikitsa a Dokotala kumapeto kwa khonde lija.

"Ana angawa ndikawasiya alembe okha, amakonza," anatero ataima pakati pa ofesi. "Munthu akanena zokhota, iwo amawongola kuti apeze malikisi. Inu ndikufuna mulembe mmene munthu wanenera. Akatsokomola, lembani kuti watsokomola. Akakhala chete, lembani kuti chete. Dzina lokha ndilo muzichotsa."

"Nanga akatukwana?"

"Lembani. Ndidzawerenga ndekha nditatseka chitseko."

A Taipisiti anaseka, ndipo anadabwa kumva kuseka kwawo kukumveka m'chipinda muja.

Kuyambira pamenepo ophunzira anayamba kubwera ndi mafulashi. Ankasiya n'kuthamanga, koma mawu ankatsala. A Taipisiti ankavala mahedifoni m'mawa n'kuvula nthawi yoweruka. Anamva bambo wokonza mawotchi amene anati anthu anasiya kuvala nthawi padzanja. Anamva mayi amene ankalumikiza mafoni ndi zingwe, wodziwa zinsinsi za tauni yonse. Anamva mkulu wina amene ankakhala pakhonde la positi kulembera anthu makalata, amene anati anafunsirapo mbeta zoposa makumi anayi koma zonse za eni ake. Tiyi wa masana ankamwa mahedifoni ali kumutu. Nthawi zina ankapezeka akuyankha, "Eee, zoona," ngati munthuyo wakhala pampando wa mafayilo uja.

Womaliza kubweretsa fulashi anali Kondakitala. Ameneyu anali wamkulu kuposa anzake onse m'kalasi, wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Anakhala zaka khumi akulendewera pachitseko cha minibasi asanalembenso mayeso n'kupeza malo pakoleji, ndipo dzina la ntchito yakaleyo linamutsatira mpaka m'kalasi.

"Anti, pepani ndachedwa, koma wanga ndi katundu," anatero akuika fulashi patebulo. "Mdala wa situdiyo, wojambula zithunzi. Amalankhula ngati wailesi yothyoka batani lozimitsira. Maola awiri! Zala zanu muzipake mafuta."

Anayamba ntchitoyo Lachitatu m'mawa. Mu hedifoni munamveka kaye magalimoto, kenako Kondakitala akufotokoza cholinga chake mwachangu ngati akuitanira okwera. Ndiye munthu wina anakonza kukhosi, kawiri, kachiwiriko motalikitsa.

Zala za a Taipisiti zinaima m'mwamba. Munthuyo anali asananene liwu ndi limodzi lomwe, koma iwo anali atamudziwa kale. Anaimitsa makina, navula mahedifoni, nayang'ana thanki ya madzi kwa nthawi yaitali. Kenako anatuluka kukasamba m'manja pampopi, ngakhale m'manjamo munalibe litsiro.

Anali mwamuna wawo wakale. Panali patapita zaka makumi awiri ndi zitatu osamva mawu ake.

Anakwatiwa naye ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Bamboyo anali ndi situdiyo pamsewu wa kudepoti ya mabasi, zipinda ziwiri: chakutsogolo chojambuliramo, chakumbuyo chamdima chotsukiramo zithunzi. Anakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi, mwana osabwera. Anayenda m'zipatala mpaka nsapato zinatha. Alamu awo aakazi anayamba ndi kufunsa mwachifundo, kenako kufunsa moseka, kenako anasiya kufunsa n'kumangolankhula ndi mchimwene wawo panja. Tsiku lina zinamveka kuti mayi wina wogulitsa nsalu ali ndi pakati pa a Situdiyo. Panalibe ndewu. A Taipisiti analongedza sutikesi imodzi, napita kwa mng'ono wawo, ndipo patapita chaka analowa sukulu ya taipi. Tauniyo inali yaikulu mokwanira kuti anthu awiri osafuna kukumana asakumane.

Atabwerera pampando anaganiza zokauza a Dokotala kuti fulashi iyi yakana kutseguka. Koma ntchito ndi ntchito, ndiponso mtima unkafuna kumva. Anavalanso mahedifoni.

Mawu a bamboyo anali atalemera, mano ena ayenera kuti anachoka, koma kafotokozedwe kanali komweko, kokometsera, kodikira kuti womvera aseke. Anasimba za bambo ake amene ankafuna kuti akhale kalipentala, za kamera yoyamba imene anagula kwa munthu wothawa tauni. Anasimba za chinsalu cha kukhoma chojambulidwa nyumba yosanja ndi ndege ikuuluka pamwamba, za maluwa apulasitiki, za jekete limodzi lomwe linavalidwa ndi amuna theka la tauni, za telefoni yopanda chingwe imene atsikana ankaigwira kukhutu ngati akulankhula ndi munthu wofunika. A Taipisiti ankalemba, ndipo chilichonse ankachiona. Jekete lija ankalichapa ndi iwo. Batani lake lachiwiri anasokerera ndi iwo, ndi ulusi wosiyana mtundu.

"Ntchito yonse inali m'manja mwangamu," anatero mawu aja. "Kujambula ndekha, kutsuka ndekha, kudula ndekha. Munthu mmodzi, mwana wanga."

Analemba.

Kenako Kondakitala anafunsa: "Nanga mukapita kukajambula ukwati Loweruka, pasitudiyo pankatsala ndani?"

Mu hedifoni munangomveka magalimoto. A Taipisiti anayang'ana manambala akuyenda pakompyuta. Masekondi asanu. Asanu ndi atatu. Khumi ndi limodzi.

"Panali mtsikana wina ankandithandiza."

"Wantchito?"

"Eee, tingoti choncho."

"Chabwino. Ndiye mafoni a kamera atabwera, bizinesi inayenda bwanji?"

A Taipisiti anabweza mawuwo katatu, ngati kuti kachinayi anena zina. Analemba kuti chete. Analemba kuti panali mtsikana wina. Kenako zala zawo, zokha, zinafufuta mawuwo n'kulemba kuti panali mkazi wanga woyamba. Anayang'ana mzerewo. Unkaoneka bwino, ndipo unali woona. Palibe akanadziwa, chifukwa Kondakitala sakanamveranso maola awiri aja. Anakhala choncho mpaka belu la masana linalira, ndipo anafufuta n'kubwezeretsa zimene munthuyo ananena.

Zotsalazo anazimaliza Lachisanu. Munali za mkazi wake ndi ana anayi, za kutsekedwa kwa situdiyo, ndi zoti masiku ano amakhala panja pa ofesi ya ziphaso ndi kansalu koyera, kujambula tizithunzi ta pasipoti. Loweruka ndi Lamlungu a Taipisiti sanatsegule wailesi. Anachapa zovala zochapa kale.

Lolemba Kondakitala anabwera kudzatenga mapepala ake. Anaima pakhomo akuwerenga mokweza, akudzitama ngati analemba ndi iye.

"Tamvani apa, Anti. Ati pepala umaliviika m'beseni loyamba mphindi zisanu, nkhope n'kutuluka. Anthu akale anali ndi nzeru!"

"Mphindi zisanu chithunzi chimapsa," anatero a Taipisiti maso ali pakompyuta. "Chimada ngati khala. Ndi mphindi imodzi ndi theka."

Kondakitala anatsitsa mapepala. Zaka khumi za pachitseko cha minibasi zinamuphunzitsa kuwerenga nkhope za anthu, ndipo apa anawerenga msanga.

"Anti," anatero motsitsa mawu. "Mtsikana uja..."

"Tenga mapepala ako uzipita. Kalasi yayamba."

Anapita. Koma patatha masiku atatu anabweranso, nachotsa mafayilo pampando wa alendo n'kukhalapo osauzidwa. Anawaonetsa tsamba lachisanu ndi chinayi. Pambali pa mawu oti chete, a Dokotala anali atalemba ndi inki yofiira: Apa munthu anakutsegulira chitseko, iwe unaliza hutala n'kunyamuka.

"Andiuza kuti ndikapeze mtsikanayo ngati ali moyo," anatero Kondakitala. "Ine sindinanene kanthu. Pakamwa panga mpotseguka, koma osati pa izi. Ngati simufuna, ndikangoti ndamusowa."

"Ukanene choncho."

"Chabwino, Anti."

Anaimirira, nabwezera mafayilo pampando mwaulemu, natuluka. Sabata yonse sanaonekenso. Mafulashi anali atatha, ndipo m'chipinda muja munabwerera bata lija lakale, koma tsopano linkalemera kuposa kale. Lachisanu lotsatira a Taipisiti anamuona akudutsa pafupi ndi thanki ya madzi, ndipo anagogoda pagalasi la windo.

"Mawa masana, kunyumba," anatero. "Koma dzina langa lisamveke, ngakhale kwa a Dokotala."

M'mawa wa Loweruka anachapa makatani, nakolopa kawiri, nakabwereka mpando kwa akazi a landilodi, amene anafunsa ngati kukubwera akumpingo. Pokonza makapu anapeza kuti kapu yachiwiri ili ndi fumbi mkati. Anayesa kukumbukira mlendo womaliza kumwera mmenemo, ndipo anapeza kuti anali mng'ono wawo, zaka ziwiri zapitazo.

Kondakitala anafika mochedwa ndi ola lathunthu, akudandaula za minibasi ngati sanagwirepo. Anaika foni patebulo pakati pa makapu.

"Lero ndamanga pakamwa, Anti. Mukandimva ndikukudulani, mundiponye sipuni."

Poyamba mawu ankatuluka movuta, ngati mpopi wokhalitsa osatsegulidwa. Koma atafika pa chipinda chamdima, anayenda okha. Anafotokoza za jekete lija ndi batani lake, za babu lofiira, za mabeseni atatu, za fungo la mankhwala lomwe linkakhala m'tsitsi ngakhale usambe kawiri. Anati bamboyo mankhwala ankamutupitsa manja, ndiye chitatha chaka choyamba sankalowanso mmenemo, n'chifukwa chake mphindi anaziiwala. Anafotokoza mmene nkhope imatulukira papepala loyera lili m'madzi: kumayamba tsitsi ndi maso, kenako munthu yense n'kumakuyang'ana. Zithunzi ankaziyanika pachingwe ngati matewera.

"Tauni yonse ndinkaidziwa nkhope," anatero. "Ndikapita kumsika ndinkadziwa kuti uyu ndi uja anakwatira mwezi watha, uyu ndi uja anabwereka jekete. Ndinkafuna kuwapatsa moni. Koma iwo sankandidziwa. Munthu wa m'chipinda chamdima amamudziwa ndani?"

Anasimba za mayi wina amene ankabwera mwezi uliwonse atavala diresi lina, n'kujambulitsa atagwira telefoni yopanda chingwe ija, kuti atumizire mwamuna wake amene ankagwira ntchito kutali. Patapita zaka ziwiri anaulula kuti mwamunayo anasiya kalekale kuyankha. Koma mwezi wotsatira anabweranso, ndi diresi lobwereka kwa mnzake. Anasimbanso za katoni ya zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga: makanda, akwati, ana asukulu, agogo atakhala chiwongolere. Bamboyo ankati zitayidwe, iwo ankakana, poti nkhope ya munthu siponyedwa kudzala.

Kondakitala anasunga lonjezo lake. Anafunsa mafunso ochepa, ndipo pena ankangogwedeza mutu, tiyi akuzizira. Atazimitsa foni dzuwa linali litapendeka.

"Koma Anti," anatero akuvala nsapato pakhomo, "ameneyu ndiye ataipe ndani?"

"Pakoleji pali taipisiti wina?"

Anaseka onse awiri. Atapita, a Taipisiti anakabweza mpando kwa landilodi, natsuka makapu. Balaza linaoneka lalikulu.

Lolemba anavala mahedifoni n'kumva mayi wina wachikulire, wa mawu opyapyala, wokonda kunena kuti "ndiye basi" kumapeto kwa chiganizo chilichonse. Zinawatengera kanthawi kuvomereza kuti ndi iwo. Analemba monga ankalembera ena onse, chifuwa ndi chifuwa, kuseka ndi kuseka. Atafika pakati anayamba kuzindikira kanthu. Mayi wa mu hedifoniyu sananenepo kuti mwamuna wanga. Paliponse ankati mwini situdiyo. Mwini situdiyo anapita ku ukwati, mwini situdiyo ankatupa manja. Munthu wowerenga akanati ankanena za bwana wake.

Kenako Kondakitala anafunsa: "Ntchito yotsukayi anakuphunzitsani ndani?"

Chete. A Taipisiti anayang'ana manambala. Masekondi khumi ndi anayi.

"Ndinangophunzira. Ndiye basi."

Anavula mahedifoni. Iwo ankadziwa zimene zinali m'masekondi khumi ndi anayiwo. Munali mwezi woyamba wa ukwati, bamboyo ataima kumbuyo kwawo m'kuwala kofiira, atawagwira dzanja kuwaonetsa kagwedezedwe ka beseni. Analibe wotchi yooneka mumdima, ndiye ankaimba kanyimbo kena, mawu ake oipa ngati chitseko cha dzimbiri, ndipo nyimbo ikatha pepala litulutsidwe. A Taipisiti anawononga mapepala paketi yathunthu sabata imeneyo, iye osakalipa ngakhale kamodzi. Munalinso tsiku lochoka lija, bamboyo atasenza sutikesi mpaka kudepoti, akulira poyera ngati mwana, anthu akuyang'ana. Zonsezi zinali zoona ngati jekete ndi mabeseni, koma pafoni ya Kondakitala sizinalowe.

Akanatha kuwonjezera. Nkhani inali yawo, kompyuta yawo. Koma anavalanso mahedifoni, nalemba kuti chete, napitiriza.

Patatha sabata ziwiri a Dokotala anapempha makope makumi anayi a nkhani ziwirizo, zomatidwa pamodzi. A Taipisiti anakapereka okha kukalasi, ndipo potuluka sanapite kutali. Anaima pakhonde pafupi ndi windo, ngati akuwerenga zolengeza za pabolodi.

Mkati munali phokoso ngati pamsika.

"Mdalayu ndi wabodza!" anatero mtsikana wina. "Zaka zisanu ndi zinayi munthu akukutsukira zithunzi, iwe n'kumati ndekha, ndekha?"

"Mwina anali wantchito basi," anatero mnyamata wina. "Mayiyonso sananene kuti anali ndani wake."

"Wantchito amasokerera batani la jekete?"

"Onse awiri akubisa kanthu. Taonani ma chete awo."

A Dokotala anawasiya akangane, kenako anamenya tebulo ndi dasitala.

"Lino si khoti, ndipo inu si oweruza. Palibe amene wakunamizani. Aliyense wakupatsani zimene akanatha kunyamula tsiku limenelo. Funso langa ndi ili. Chaka chamawa mudzaima pamaso pa ana makumi asanu ndi limodzi, mutu wa phunziro uli ntchito za m'tauni mwathu. Buku lidzati wojambula zithunzi, lidzaika ndi chithunzi cha bambo atanyamula kamera. Tikadakhala ndi pepala loyamba lokha, mukadawaphunzitsa chiyani anawo? Ndipo kunyumba kwanu, amene ali m'chipinda chakumbuyo ndani? Tsegulani makope. Aliyense alembe munthu mmodzi wa kwawo amene ntchito yake sitchulidwa."

Onse anatsegula makope. Panangomveka mapepala. Kenako mtsikana uja anafunsanso, motsitsa mawu:

"Madamu, mayiyu alipo? Tingathe kumuitana adzatilankhule?"

"Funsani amene anamupeza."

"Anakana," anatero Kondakitala. "Ndi munthu wotanganidwa."

Belu litalira ophunzira anatuluka mothithikana, akukanganabe. Anawadutsa a Taipisiti mbali zonse ngati madzi akudutsa mwala. Mmodzi anaima.

"Anti, kope langa tsamba lomaliza silinatuluke bwino."

"Ubwere nalo ku ofesi," anayankha.

Mwezi wotsatira a chaka chachiwiri anatumizidwa m'masukulu kukayeserera kuphunzitsa. Kondakitala anabwera kudzatsanzika chikwama chili kumsana, nati wapatsidwa sukulu yakutali komwe minibasi imafika kawiri pa sabata, ndipo akatopa ndi ana akapempha ganyu pachitseko. Analonjeza kuimba foni. Anaimba kamodzi, mawu akudukaduka, kunena kuti ana a m'kalasi mwake afunsa amayi awo za ntchito zawo ndipo mayi wina wabwera kusukulu kudzafunsa ngati walakwa. Foni inaduka asanamalize, ndipo sanaimbenso. A Dokotala nawo anali m'maulendo oyendera ophunzira awo. Khonde lonse linangotsala ndi mapazi a wokolopa.

Lachiwiri lina, nthawi ya chakudya cha masana, a Taipisiti anatseka ofesi, nakwera minibasi yolowera m'tauni. Anatsika pa ofesi ya ziphaso. Panja pake panali mzere wa anthu atanyamula maenvulopu, ogulitsa zolembera, ndi ojambula atatu pansi pa khonde la sitolo, aliyense ndi kansalu kake koyera kokhomedwa kukhoma. Awiri anali achinyamata, akuthamangira aliyense wodutsa. Wachitatu anali atakhala pa benchi, mutu wonse mbuu, magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, akupukuta kakamera kakang'ono ndi mpango.

A Taipisiti anaima patsogolo pake.

"Za pasipoti kapena za chiphaso, mayi?" anafunsa asanadzutse mutu.

"Zilizonse."

Anadzutsa mutu. Anawayang'ana pamwamba pa magalasi, kenako kudzera m'magalasi. Mpango uja unagwa pansi, osautola.

"Khalani apa," anatero potsiriza, akukokera stulu pafupi ndi kansalu.

Anakhala. Bamboyo anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, nakweza kamera. Inatenga nthawi isanalire.

"Kwezani chibwano pang'ono. Musaseke, kuofesiku salola."

"Sindikuseka."

Kamera inalira kawiri. Bamboyo analumikiza kachingwe ku kamakina kokhala m'katoni pansi pa benchi, ndipo onse awiri anayang'ana kamakinako kakung'ung'udza.

"Kunyumba kuli bwanji?" anafunsa.

"Ndilipo. Kaya ana?"

"Akula. Wamkulu ali ndi ake awiri."

"Zikomo."

"Muli pa ulendo wakunja?"

"Ayi."

Pepala linatuluka louma kale, nkhope zinayi zofanana. Bamboyo anatenga sizasi kuti adule, koma mzere woyamba unakhota. Anayesanso, unakhotanso. A Taipisiti anatambasula dzanja, iye anawapatsa sizasi. Anadula zinayi zonse mowongoka, zinyenyeswa zikugwera pa siketi.

"Maso," anatero bamboyo. "Ati ndi ng'ala. Andiuza kuti ndidikire chaka chamawa."

"Muzipita msanga. Zimachira zimenezo."

Bamboyo anatsegula pakamwa ngati anena zina, koma mayi wina anafika akukoka mwana wa yunifolomu, akufuula kuti mzere ukumusiya, zithunzi zifunika pompano. Bamboyo anatembenuka kukakonza kansalu. A Taipisiti anaika zithunzi m'kaenvulopu, nasiya malipiro pabenchi pafupi ndi sizasi, naimirira kupereka stulu kwa mwanayo.

"Muyende bwino," anatero bamboyo, kamera ili kale kumaso.

"Tsalani bwino."

Mu minibasi anatsegula kaenvulopu. Chithunzi chinali chabwino, chowala mofanana mbali zonse. Anaona mayi wa imvi m'mbali mwa makutu, kolala yowongoka, maso otopa pang'ono. Anaganiza zotumiza chimodzi kwa mng'ono wawo, koma sanapeze chimene angalembe pofotokoza chifukwa chake. Zitatu zinazo sanadziwe n'komwe chochita nazo.

Anafika pakoleji belu litalira kale. Pansi pa chitseko panali pepala lolembedwa pamanja lochokera kwa akulu a koleji: chidziwitso choti madzi adzatsekedwa Lachinayi, makope khumi ndi awiri, chifunika lero. A Taipisiti anaika kaenvulopu kaja m'chikwama, nayatsa kompyuta, nakhala pansi kuyamba kulemba.